Sukulu yoyenda ngakhale ahedi atachokapo: mmene gulu la utsogoleri limamangidwira

Mukafuna kudziwa ngati sukulu ili ndi gulu la utsogoleri, fikanipo tsiku limene mphunzitsi wamkulu waitanidwa ku msonkhano ku TDC (malo amene aphunzitsi a m'dera amakumanirako pa maphunziro awo) kapena ku ofesi ya maphunziro. Pa sukulu ina belu limalira pa nthawi yake, kalasi imene mphunzitsi wake wadwala imakhala itapezeredwa kale wina, ndipo kholo lodzatenga kalata ya transifa limathandizidwa n'kubwerera kwawo dzuwa lisanatenthe. Pa sukulu ina kiyi wa sitolo amakhala atapita ndi ahedi m'thumba, choko chimatha pofika 9 koloko, ana a Sitandade 2 amangozungulira pabwalo, ndipo aliyense wofunsa kanthu amauzidwa kuti abwere mawa chifukwa akuluakulu atalikira. Sukulu ziwirizi zitha kukhala m'zoni imodzi, pansi pa a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale m'zoni) amodzi, aphunzitsi ake ataphunzira limodzi ku koleji ya aphunzitsi ya Lilongwe TTC. Zimasiyana pa mfundo imodzi: poyambapo ntchito ya utsogoleri inagawidwadi, pachiwiripo inangolembedwa pa tchati cha kukhoma la ofesi.

Ntchito ya mphunzitsi wamkulu inakula kwambiri m'zaka makumi atatu zapitazi. Mu 1994 boma litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Mu 1998 kunabwera ndondomeko yotula mphamvu ku makhonsolo, ndipo pang'ono ndi pang'ono sukulu za pulayimale zinayamba kuyang'aniridwa ndi makhonsolo. Kenaka kunabwera ndalama zothandizira chitukuko cha sukulu zotchedwa SIG zimene zimalowa mu akaunti ya sukulu, zofuna kuti sukulu ilembe pulani yake ya chitukuko yotchedwa SIP, igule katundu, ndi kusunga malisiti. Lamulo la maphunziro la 2013 linalowa m'malo mwa lakale la 1962, ndipo mu 2015 Unduna wa Zamaphunziro unatulutsa miyezo 26 ya maphunziro imene oyendera sukulu amagwiritsa ntchito, ingapo mwa iyo ikunena za utsogoleri ndi kayendetsedwe ka sukulu. Zonsezi zimagwera pa tebulo la munthu amene ku koleji anaphunzitsidwa kuphunzitsa ana, ndipo nthawi zambiri akadali ndi kalasi yake.

Ku Lilongwe vutoli lili ndi nkhope ziwiri. Boma la Lilongwe linagawidwa patatu pa nkhani ya maphunziro: Lilongwe Urban, Lilongwe Rural East ndi Lilongwe Rural West. M'tauni, m'madera othithikana ngati Chinsapo, Mtandire, Kawale ndi Area 25, sukulu imodzi imakhala ndi ana masauzande ndipo makalasi ena amasinthana zipinda, ena kulowa m'mawa ena masana. Kumeneko munthu mmodzi sangadziwe zimene zikuchitika m'kalasi iliyonse ngakhale atafuna. Kumidzi, monga cha ku Malingunde, Kasiya kapena Nsaru, vuto limakhala kuchepa kwa aphunzitsi, moti ahedi akachokapo ndiye kuti kalasi yathunthu yatsala yokha. Malo onse awiri amafuna gulu, koma gululo silingamangidwe mofanana.

Ndani ali m'gululi

Ku pulayimale maziko ake alipo kale: mphunzitsi wamkulu, wachiwiri wake, ndi akulu a zigawo zitatu, cha ana aang'ono cha Sitandade 1 ndi 2, chapakati cha Sitandade 3 ndi 4, ndi chachikulu cha Sitandade 5 mpaka 8. Ku sekondale, m'malo mwa akulu a zigawo mumakhala akulu a madipatimenti a zilankhulo, sayansi, ndi maphunziro a za chikhalidwe cha anthu, ndipo pa sukulu yogonera pamawonjezeka woyang'anira ogonera ndi wosunga chuma. Anthu asanu mpaka asanu ndi awiri ndi okwanira. Akapitirira pamenepo msonkhano umasanduka sitafu mitingi yachiwiri, aliyense amafuna kulankhula ndipo palibe chimene chimamangidwa. Pa sukulu ya aphunzitsi asanu ndi atatu okha, gulu la anthu atatu kapena anayi likwanira. Kuika onse m'gulu n'chimodzimodzi kusakhala nalo.

Ngati mwa anthu amenewa mulibe mayi, muonjezeni dala. Pali nkhani za atsikana, monga za msambo, za mimba ndi za abambo amene akuwavutitsa pa njira, zimene sizidzafika pa tebulo la gulu la amuna okhaokha. Mayiyo akhale ndi mawu pa nkhani zonse, kuphatikizapo za ndalama ndi taimutebulo. Si wodzangolemba maminitsi.

Gulu limeneli lisasokonezedwe ndi komiti ya sukulu ya SMC, komiti ya makolo ndi aphunzitsi ya PTA, kapena gulu la amayi lija ambiri amangoti madagulupu. Amenewo ndi oimira eni sukulu, makolo ndi mudzi. Gulu la utsogoleri ndi la aphunzitsi amene amayendetsa sukulu tsiku ndi tsiku. Malire akasokonekera mumapeza wapampando wa komiti akulowa m'kalasi kukadzudzula mphunzitsi pamaso pa ana, kapena ahedi akugula malata popanda komiti kudziwa. Zonse ziwiri zimabala udani umene umatenga zaka kuti uthe.

Ahedi sasankha okha wachiwiri wawo nthawi zambiri. Amamupeza kapena amatumizidwa ndi ofesi. Koma pa akulu a zigawo amakhala ndi mawu, ndipo zolakwika zambiri zimayambira apa. Ena amangotenga amene wakhalitsa pa sukulupo, ngakhale atatopa ndi ntchito. Ena amatenga anzawo opemphera nawo kapena ochokera kumodzi, ndipo aphunzitsi otsala amayamba kulitcha gululo "anthu a ahedi". Cholakwika chofala kwambiri ndi kuika aphunzitsi onse amphamvu ku Sitandade 8 chifukwa zotsatira za PSLCE, mayeso omaliza a ku pulayimale, ndi zimene zimatchulidwa pa wailesi, n'kusiya chigawo cha ana aang'ono m'manja mwa aliyense amene watsala. Koma mwana amene wafika Sitandade 5 osatha kuwerenga sangapulumutsidwe ndi makalasi a m'mawa a Sitandade 8. Pulogalamu ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga imene inayamba mu 2016 inalunjika ku Sitandade 1 mpaka 4 pa chifukwa chomwechi. Mkulu wa chigawo cha ana aang'ono akhale mphunzitsi amene anzake amavomereza kuti amathadi kuphunzitsa mwana maliwu ndi maphatikizo, ndipo amafika pa nthawi. Munthu wochedwa sangauze mnzake za kuchedwa.

Kugawa ntchito pamodzi ndi mphamvu yake

Pafupifupi mu ofesi iliyonse muli pepala la maudindo: wa masewero, wa mayeso, wa ukhondo, wa chilango. Pepalalo palokha silithandiza, chifukwa limatchula dzina la udindo osanena zimene mwini udindoyo angachite popanda kufunsa. Munthu amapatsidwa sitolo koma kiyi ali ndi ahedi. Wina amauzidwa kuti aziona masikimu (ndondomeko za zimene mphunzitsi aphunzitse pa teremu), koma akabweza sikimu yosakwanira mwini wake amapita kwa ahedi ndipo ahedi amaisayinira. Zikachitika kawiri, mkulu wa chigawoyo amasiya kuvutika nazo, ndipo sitingamunene.

Njira yothandiza ndi kukhala pansi sabata yoyamba ya chaka, ana asanakhazikike, n'kulemba ntchito zenizeni za sukulu imodzi ndi imodzi: kutsegula ndi kutseka taimubuku (buku limene aphunzitsi amasayinamo nthawi yofikira), kupeza wolowa m'kalasi ya mphunzitsi amene sanabwere, kuona masikimu ndi mapulani, kusonkhanitsa chiwerengero cha ana obwera, kusunga buku la katundu, kukonza mayeso a pakati ndi a kumapeto kwa teremu, kulemba mayina a ana a mayeso a MANEB, kulandira makolo, kulumikizana ndi gulu la amayi. Pa ntchito iliyonse palembedwe dzina limodzi lokha. Mukalemba mayina awiri, aliyense amayesa kuti mnzake wachita. Kenaka pa ntchito iliyonse mugwirizane kuti ili pa mlingo uti mwa itatu: imene munthuyo angamange yekha, imene angamange n'kudzanena pa msonkhano, ndi imene ayenera kubweretsa ku gulu asanachite kanthu. Mwachitsanzo, mkulu wa chigawo angasinthanitse mapiriyodi a aphunzitsi awiri tsiku limenelo payekha. Angaitane kholo la mwana wojomba n'kudzanena pambuyo. Koma kusamutsa mphunzitsi kuchoka ku Sitandade 3 kupita ku Sitandade 6 ndi nkhani ya gulu lonse. Pepalali liwerengedwe pa sitafu mitingi kuti aphunzitsi onse amve ndi makutu awo kuti mawu a mkulu wa chigawo pa nkhani zakutizakuti ndi omaliza.

Pamenepa ahedi ayenera kudzigwira. Mphunzitsi akadumpha mkulu wa chigawo chake n'kubwera ku ofesi ndi nkhani imene inagawidwa kale, yankho likhale lomubweza mwaulemu: "Madamu, nkhani imeneyi ndi ya akulu a chigawo chanu, kaonaneni nawo kaye." Ngati mkulu wa chigawoyo walakwitsa, akonzedwe awiriwiri, ndipo iye mwini ndiye akakonze chigamulo chake kwa amene anamulakwira. N'zowawa kuona chinthu chikuchitika mosiyana ndi mmene mukanachitira inu, koma popanda kupirira kumeneku anthu saphunzira kutsogolera.

Udindo umafunanso nthawi. Mkulu wa chigawo amene ali ndi kalasi ya ana 120 kuyambira m'mawa mpaka kuweruka sangaone kalasi ya mnzake. Pokonza taimutebulo, musiyireni mapiriyodi awiri kapena atatu pa sabata, ndipo alembedwe pa taimutebulo ngati ntchito, kuti ena asaone ngati akupuma. Pa sukulu ya m'tauni pamene kalasi imodzi ili ndi aphunzitsi awiri zimenezi n'zosavuta. Kumudzi zimatheka pokhapokha ahedi atavomera kulowa m'kalasi ya mkuluyo pa nthawi imeneyo, zimene zimathandizanso ahedi kudziwa ana a chigawocho.

Za ahedi ndi wachiwiri wawo tinene mosabisa. Awiriwa akasemphana, sukulu imagawikana pawiri mwezi usanathe, ndipo aphunzitsi amaphunzira kuti chimene wakana uyu akachipemphe kwa uyo. Kawirikawiri gwero lake ndi mantha: ahedi amaopa kuti wachiwiri akufuna mpando, ndiye amamubisira makalata ochokera ku ofesi ndi nkhani za ndalama. Mankhwala ake ndi aang'ono koma a tsiku ndi tsiku. Awiriwa aonane mphindi khumi m'mawa uliwonse asembule isanayambe, kalata iliyonse yochokera kwa a PEA kapena ku boma wachiwiri aiwerenge n'kusayinapo, ndipo ahedi akamachoka alembe mu logubuku, buku la zochitika pa sukulu, kuti apita kuti ndipo sukulu aisiya m'manja mwa yani.

Msonkhano wa gulu

Gulu limene limakumana pokhapokha pagwa vuto limakhala lozimitsa moto basi. Likumane kamodzi pa sabata, tsiku ndi ola lodziwika, kwa mphindi 45, pa nthawi imene ana sakutaya phunziro. Sukulu zambiri zimaona kuti Lachisanu ana ataweruka kapena Lolemba masana ndi bwino. Msonkhanowu uchitike ngakhale ahedi kulibe, wachiwiri atsogolere. Msonkhano ukangolephereka kawiri motsatizana chifukwa ahedi anachokapo, aliyense amadziwa kuti gululo ndi la dzina chabe.

Chimene chimapha misonkhano yotere ndi kukambirana zongomva. Wina akuti ana akujomba kwambiri, wina akuti ayi chaka chino zili bwino, ndipo ola limatha. Mkulu wa chigawo aliyense abwere ndi manambala ochepa otengedwa m'marejisitala: ana angati analembetsa, angati anabwera tsiku lililonse, anyamata pawokha atsikana pawokha, mayina a ana amene ajomba masiku atatu kapena kuposerapo motsatizana, mapiriyodi angati sanaphunzitsidwe ndipo chifukwa chake. Wachiwiri kwa ahedi abwere ndi taimubuku. Manambalawa amaulula zinthu zimene maso saona. Mukapeza kuti Sitandade 6 imachepa tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse, mufunse ngati si tsiku la msika ku Mitundu kapena ku Nsundwe. Mukapeza kuti atsikana a Sitandade 7 amajomba masiku atatu kapena anayi mwezi uliwonse, kayendereni zimbudzi ndi chipinda chosinthira musanawaitanire makolo. Ndipo kuchedwa kumene kumaoneka kochepa kuwerengetsereni: mphunzitsi woyamba kalasi mochedwa ndi mphindi 15 tsiku lililonse amatayitsa ana mphindi 75 pa sabata, ndipo pa teremu ya masabata 13 ndi maola opitirira 16.

Maminitsi asakhale nkhani yaitali. Tsamba la kope ligawidwe panayi: chimene tagwirizana, wochita, tsiku lomaliza, ndi zimene zachitika. Msonkhano wotsatira uyambe ndi kuwerenga tsamba la sabata yatha, mzere ndi mzere. Mfundo zatsopano zisapitirire zitatu kapena zinayi pa sabata. Gulu limene limagwirizana zinthu khumi ndi ziwiri silichita ngakhale chimodzi.

Pali vuto lina limene limachokera ku ulemu wathu womwe. Wamkulu akayamba kunena maganizo ake, ang'ono amangoti "zili bwino, bwana", ndipo zotsutsa zimakanenedwa pansi pa mtengo msonkhano utatha. Ulemuwo ndi wabwino, koma ahedi ayenera kuupezera njira. Afotokoze nkhani popanda kuonetsa kumene akupendekera, afunse wamng'ono pa onse kuti ayambe, iwo alankhule pomaliza monga imachitira mfumu pabwalo. Nthawi zina afunse mwachindunji kuti, "Tikachita zimenezi, chingalakwike n'chiyani?" Funso lotere limapatsa munthu chilolezo chotsutsa popanda kuoneka wamwano. Ndipo tsiku limene wina watsutsa ahedi n'kupezeka kuti akunena zoona, ahedi avomere pamaso pa onse. Kuyambira tsiku limenelo anthu amayamba kulankhula. Mbali inayo ya pangano ndi yakuti zimene zamangidwa ndi za onse: palibe wotuluka n'kukauza aphunzitsi kuti "ine ndinakana koma ahedi aumirira". Nkhani za munthu payekha, monga matenda kapena ngongole za mphunzitsi, zithere m'chipindamo.

Kulowa m'kalasi

Gulu likhoza kuyendetsa bwino belu, ukhondo ndi malipoti koma ana osaphunzira. Ntchito yake yaikulu ili m'kalasi, ndipo ndi imene imazembedwa kwambiri chifukwa kuonerera mnzako akuphunzitsa kumachititsa manyazi onse awiri. Ambiri amati nthawi palibe, koma tiyeni tiwerengetse. Tiyerekeze sukulu ya aphunzitsi 32 ndi atsogoleri asanu ndi mmodzi. Aliyense akaonerera phunziro limodzi lokha pa sabata, m'masabata asanu ndi limodzi aona maphunziro 36, kutanthauza kuti mphunzitsi aliyense waonedwa kamodzi, ndipo teremu isanathe aonedwa kawiri. A PEA, amene ali ndi sukulu zambiri m'zoni yawo, sangafike pa mlingo umenewu.

Kuti kuonereraku kusasanduke ukazitape, atsogoleri ayambe okha kuonereredwa. Ahedi aitane mkulu wa chigawo adzaone phunziro lawo sabata yoyamba. Ndandanda ya kuonerera ikhomedwe mu sitafu rumu. Woonerera akhale kumbuyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, asadule mphunzitsi mawu, ndipo maso ake akhale pa ana: ndi angati ali ndi buku m'manja, ndi angati afunsidwa funso, a kumbuyo akulemba kapena akungokhala. Asanatuluke atenge makope asanu mosasankha, aone tsiku limene anachongedwa komaliza. Makope amanena zoona kuposa phunziro limene munthu wakonzekera chifukwa akudziwa kuti kubwera alendo. Kukambirana kuchitike tsiku lomwelo, awiriwiri, kwa mphindi khumi: mphunzitsi ayambe kunena mmene waonera, woonerera atchule chimodzi chimene chayenda bwino, ndi chimodzi chokha choti chisinthe, n'kugwirizana tsiku lodzaonanso. Mukapatsa munthu zolakwa zisanu ndi ziwiri nthawi imodzi, chimene amakumbukira ndi mkwiyo.

Pa masikimu ndi mapulani, kusayinira kokha n'kutaya inki. Mkulu wa chigawo ayerekeze zinthu zitatu: zimene sikimu ikunena kuti ziphunzitsidwa sabata ino, zimene zalembedwa kuti zaphunzitsidwa, ndi zimene zili m'kope la mwana. Zikasiyana, pamenepo ndi pamene pali nkhani. Zimene atsogoleri apeza m'makalasi ambiri ndizo zikhale mutu wa maphunziro a aphunzitsi a pa sukulu pomwepo. Ngati aphunzitsi anayi akuvutika kuphunzitsa kugawa kwa nambala zazikulu, amene amakutha aphunzitse anzake Lachitatu masana. Sizifuna alawansi kapena galimoto.

Ndalama, mafumu ndi makolo

Palibe chimene chimagwetsa gulu msanga kuposa ndalama zosadziwika kumene zapita. Pulani ya SIP imayenera kukonzedwa pamodzi ndi komiti, makolo, mafumu ndi ana omwe, ndipo imatsata nsanamira zitatu za maphunziro m'dziko muno: ubwino wa maphunziro, mwayi wofanana kwa ana onse, ndi kayendetsedwe ka sukulu. Gawo la gulu la utsogoleri ndi kubweretsa umboni ku msonkhano umenewo. M'malo mongoti tikufuna mabuku, mkulu wa chigawo anene kuti ku Sitandade 3 buku limodzi la Chichewa akugwiritsa ntchito ana angati. Ndalama zikalowa, chiwerengero chake chikhomedwe pa bolodi loonekera kwa aliyense, ndipo chilichonse chogulidwa chilembedwe pomwepo ndi mtengo wake. Wogula, wolandira katundu ndi wosunga buku la katundu asakhale munthu mmodzi. Ndalama za SIG zimachedwa nthawi zina ndipo mitengo imakhala itakwera, choncho gulu ligwirizane ndi komiti pasadakhale kuti zikachepa choyamba kugulidwa n'chiti. Ndalama zimene makolo amasonkha pa chitukuko kapena polipira mlonda zikhale ndi malisiti akeake, ndipo mwana asabwezedwe kunyumba chifukwa kholo silinasonkhe.

Kunja kwa mpanda, gulu ligawane anthu olankhula nawo. Kumidzi ya Lilongwe mfumu ikalamula kuti mwana asapezeke kudimba kapena kosankha fodya nthawi ya sukulu, zimamveka kuposa kalata ya ahedi, ndipo m'madera ena mafumu agwiritsapo ntchito gule wamkulu kukusa ana kuti apite ku sukulu. Kukambirana ndi mafumu za nthawi ya chinamwali kuti igwe pa holide kumafuna munthu wodziwa mwambo ndi kalankhulidwe ka kubwalo, amene mwina si ahedi ngati anachokera kutali. M'tauni anthu amasamukasamuka chifukwa cha lendi, ndipo othandiza kupeza mwana wosowa ndi mabuloko lida ndi gulu la amayi. Mayina aja a ana ojomba masiku atatu aperekedwe kwa amayiwa sabata yomweyo. Mukadikira kutha kwa teremu mumapeza mwana ali kale pa banja kapena akugulitsa madzi mu depoti. Ndondomeko yolola mtsikana kubwerera ku sukulu atabereka inayamba mu 1993 ndipo inakonzedwanso mu 2018, koma imagwira ntchito pokhapokha pali munthu wodziwika pa sukulupo amene akusunga dzina la mtsikanayo ndi kumulandira akabwerera. Pa sukulu za mipingo, monga za Sinodi ya Nkhoma kapena za Arkidayosizi ya Lilongwe, eni sukulu nawo azidziwitsidwa mapulani akuluakulu asanayambe.

Kalendala nayo iyang'anidwe ndi maso a kuno. Nkhanga zinapangana kusanapse. Mu Seputembala kumakhala chipwirikiti cha kulembetsa Sitandade 1. Teremu yachiwiri imagwa m'dzinja, pamene makalasi a pansi pa mtengo amabalalika mvula ikangoyamba, mitsinje imadzaza ndipo njala imakhala itafika m'makomo. Gulu ligwirizane mu Novembala kuti mvula ikagwa kalasi iti ilowa m'chipinda chiti. Mu Januwale 2023 sukulu za mu mzinda wa Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa ndi masabata awiri chifukwa cha kolera, ndipo nthawi yotere imafuna kuti pakhale kale munthu wodziwika woyang'anira madzi, zimbudzi ndi zosambira m'manja. Maliro nawo ali ndi malo ake: mugwirizane chaka chisanayambe kuti kukagwa zovuta m'mudzi apita aphunzitsi angati kukaimira sukulu, kuti ulemu uperekedwe koma makalasi asatsekedwe.

Pamene gulu liyenera kudziwa malire ake

Mphunzitsi wojombajomba kapena wobwera ataledzera ayambe walankhulidwa ndi mkulu wa chigawo chake, kenaka ahedi pamaso pa mboni, kenaka chenjezo lolembedwa, ndipo zikapitirira nkhani ipite kwa a PEA. Sitepe iliyonse ilembedwe ndi tsiku lake, chifukwa nkhani yopanda zolemba imafera m'njira ndipo mphunzitsiyo amangosamutsidwa kukavutitsa ana ena. Koma pali milandu imene gulu lilibe mphamvu yoikambirana mwamseri. Mphunzitsi akaganiziridwa kuti wachita zachisembwere ndi mwana wa sukulu kapena wamuvulaza, si nkhani yokhalirana pansi ndi makolo n'kulipitsana. Ipite tsiku lomwelo kwa a PEA, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ndi ku polisi ku nthambi yothandiza ozunzidwa. Palinso nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Gulu logwirizana kwambiri limakhala pa chiopsezo chotchinjiriza mnzawo, ndipo n'chifukwa chake mfundo imeneyi iyenera kunenedwa poyera pa msonkhano woyamba wa chaka, mlandu usanagwe.

Chomaliza chimene chimagwetsa magulu abwino ndi transifa. Ahedi amene anamanga zonse amasamutsidwa, wobwera amapeza ofesi yopanda zolemba, ndipo pakutha pa teremu imodzi zonse zabwerera mwakale. Choteteza ndi kuti udindo uliwonse ukhale ndi wachiwiri amene akuphunzira: mphunzitsi wachinyamata azithandiza kukonza taimutebulo, wina azikhala nawo pokonza mayeso, wina azitsogolera msonkhano wa chigawo mkulu wake akachokapo. Wochoka asiye m'manja mwa wobwera, pamaso pa wachiwiri ndi wapampando wa komiti, zinthu izi: kope la maminitsi a gulu, pepala la kagawidwe ka ntchito, pulani ya SIP ndi pamene yafika, sitetimenti ya ku banki ndi malisiti, buku la katundu litawerengedwa pamodzi ndi katunduyo, ndandanda ya kuonerera makalasi, ndi mayina a ana amene gulu la amayi likuwatsatira. Onse asayine mu logubuku. Wobwerayo, pa masabata anayi oyamba, akhale nawo pa msonkhano wa gulu monga anaupezera, pa tsiku ndi ola lomwelo, amve ndi kufunsa, ndipo zosintha azibweretse pa tebulo lomwelo mwezi ukatha.